Machips si ndalama: kaseweredwe ka mpikisano wa poker wa matebulo ambiri

M'chaka cha 2023 anthu 10,043 adalipira $10,000 aliyense kuti apeze mpando pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas. Aliyense adayamba ndi machips okwana 60,000, timapulasitiki tozungulira tija tomwe timaimira mtengo pa tebulo. Patatha pafupifupi masabata awiri, machips onsewo, oposa 600 miliyoni, adaunjikana kutsogolo kwa munthu mmodzi, Daniel Weinman wa ku Georgia. Iye adalandira $12.1 miliyoni. Thumba lonse la mphoto linali ndi ndalama zoposa $93 miliyoni, ndiye kuti mwini machips onse adatenga zosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri. Zotsalazo adagawana anthu oposa 1,500 omwe adadzuka pa mipando yawo machips atawathera.

Nzeru zonse za mpikisano wa matebulo ambiri zimachokera pamenepa. Pa poker ya masiku onse, yomwe amaitcha cash game, chip cha dola imodzi ndi dola imodzi basi: mukatopa mumadzuka n'kukasinthitsa machips anu ndi ndalama. Pa mpikisano simungachoke ndi machips. Mtengo wake umasinthasintha malinga ndi kuchuluka kwa anthu otsala, kukula kwa milu ya anzanu, ndi kutalika kwa mtunda wotsala kuti mufike pa mphoto. Amene sanamvetse zimenezi amasewera chimodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka usiku. Amanjenjemera pomwe pafunika kulimba mtima, ndipo amathamanga magazi pomwe pafunika kudekha.

Mtundu wa poker womwe umaseweredwa kwambiri pa mipikisano ndi No-Limit Texas Hold'em. Aliyense amalandira makhadi awiri obisika. Pakati pa tebulo pamatsegulidwa makhadi asanu ogwiritsa ntchito onse: atatu oyamba nthawi imodzi, otchedwa flop, kenaka lachinayi lotchedwa turn, ndi lomaliza lotchedwa river. Amapambana ndi amene wasanja makhadi asanu amphamvu kuposa anzake, kapena amene wachititsa anzake onse kutaya makhadi awo masewero asanafike kumapeto. Nthawi yanu ikakwana mutha kutaya, kutsatira zomwe mnzanu waika, kapena kukweza. Kukwezako kulibe malire, moti mutha kukankhira mulu wanu wonse pakati, ndipo ndiye all-in imeneyo. Mukaluza all-in kwa munthu wa mulu woposa wanu, ulendo wathera pomwepo.

Makhadi asanagawidwe, anthu awiri amakakamizidwa kuika machips pakati: wa small blind ndi wa big blind, ndipo wachiwiriyu nthawi zambiri amaika kuwirikiza kawiri. Pamwamba pa izi pali ante, machips ena oika mokakamizidwa, yomwe masiku ano mipikisano yambiri imalamula kuti wa big blind alipirire tebulo lonse. Udindowu umayenda mozungulira, palibe amauthawa. Ma blinds amakweranso nthawi ikamapita. Pa mpikisano wa ku Las Vegas uja amayamba pa 100 ndi 200 ndipo amakwera maola awiri alionse, pomwe pa intaneti amatha kukwera mphindi zisanu kapena khumi zilizonse. Anthu akamatuluka, oyendetsa mpikisano amaphwasula matebulo n'kusamutsira otsala m'mipando yopanda anthu, mpaka patsale tebulo limodzi.

Ma blinds ali ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Chimanga mutha kuchitsekera osachikhudza, koma mukadzatsegula mudzapeza gaga. Wosewera wongokhala n'kumadikira makhadi abwino amadyedwa chomwecho. Ma ace awiri, omwe ndi makhadi amphamvu kuposa onse poyambira, amabwera kamodzi pa magawo 221 alionse (gawo pano ndi ulendo umodzi wogawa makhadi n'kusewera). Makhadi awiri ofanana a mtundu uliwonse amabwera kamodzi pa 17. Mpikisano sudikira munthu.

N'chifukwa chake akatswiri sawerenga mulu wawo ndi nambala yolembedwa pa machips. Amauwerenga ndi ma big blind. Machips 60,000 pamene big blind ndi 200 ndi ma big blind 300, chuma chambiri. Machips omwewo pamene big blind yafika 6,000 ndi ma big blind khumi okha, ndipo mwini wake ali pakamwa pa imfa. Dan Harrington, yemwe adapambana mpikisano wa ku Las Vegas mu 1995, adatchukitsa kawerengedwe kena kotchedwa M, komwe amati adakatengera kwa Paul Magriel. Mumagawa mulu wanu ndi mtengo wa kuzungulira tebulo kamodzi, kutanthauza small blind, big blind ndi ante pamodzi. Yankho lake limakuuzani kuti mungazungulire kangati musanatheretu ngati simusewera n'komwe. M ikapitirira 20 muli pa mtendere. Ikatsika kufika pa 5, mwatsala ndi zosankha ziwiri zokha: kutaya kapena kukankha zonse.

Pachiyambi, milu ikadali yaikulu

Maola oyamba ndi ophweka kufotokoza. Ma blinds ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi milu, kotero kuwalimbirana sikupindulitsa. Phindu lili pa kutenga mulu wonse wa munthu amene amakonda makhadi ake mopitirira muyeso. Apa ndi pomwe timakhadi tooneka tonyozeka timakhala ndi mtengo. Mukakhala ndi ma 5 awiri, mwayi woti 5 wachitatu atuluke pa flop ndi pafupifupi 12 pa 100, kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi. Maulendo enawo mumataya mutaluza zochepa. Koma ulendo umodzi umenewo, mnzanu wa ma king awiri saona chomwe chamubisalira, ndipo amalipira kwambiri. Makhadi otsatizana a chizindikiro chimodzi, monga 8 ndi 7 onse a mitima, amagwira ntchito mofananamo. Phunziro lomweli liyang'aneninso kumbali inayo: ma ace awiri ndi amphamvu flop isanatuluke, koma akakhala choncho mpaka pa river osawonjezereka, ndipo mnzanu wofatsa akukankha ma big blind 200, nthawi zambiri wakupitirirani.

Pali ena amalangiza kuti maola oyamba munthu angopinda manja. Ine sindigwirizana nazo. Osewera ofooka ambiri amatuluka msanga, ndipo machips awo amapita kwa amene adalimba mtima kusewera nawo. Mukawadikira, mudzapeza machips amenewo ali m'manja mwa akatswiri, ndipo kumeneko kuwalanda n'kovuta.

Chofunika kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto ndi malo omwe mwakhala. Amene ali pa button, kachizindikiro kozungulira koonetsa wogawa, amalankhula pomaliza flop ikatuluka, ataona kale zomwe anzake achita. Makhadi omwe mungataye mukakhala woyamba kulankhula, pamene anthu asanu ndi atatu akudikira kumbuyo kwanu, mutha kuwakweza nawo mosaopa mukakhala pa button.

Pakati pa ulendo: kulanda ma blinds

Milu ikatsika kufika pa ma big blind 20 mpaka 50, masewero amasintha nkhope. Tiyeni tione ndi manambala. Small blind ndi 1,000, big blind ndi 2,000, ante ndi 2,000. Makhadi asanagawidwe n'komwe, pakati pali kale 5,000. Anthu onse ataya mpaka kufika kwa inu pa button, ndipo mwakweza kufika 4,400. Mwaika 4,400 pachiswe kuti mutenge 5,000. Anthu awiri otsalawo akamataya maulendo 47 pa 100 alionse, mwabweza kale zanu, ngakhale makhadi anu atakhala opanda pake. Ndipo akakutsatirani simunaluze, poti flop itha kukukomerani. Ichi ndicho chifukwa chake akatswiri amakweza pang'ono chabe, kawiri kapena kupitirirako pang'ono pa big blind, koma amakweza pafupipafupi. Wa mulu wa 60,000 akalanda chotere kawiri pa kuzungulira kumodzi, mulu wake ukukula popanda kuonetsa makhadi kwa aliyense.

Tsopano khalani pa mpando wa big blind. Mwaika kale 2,000, ndipo kuti mutsatire mufunika kuwonjeza 2,400 yokha pa 9,400 yomwe ili pakati. Masamu akuti mukufunika kupambana kamodzi pa kasanu kuti musaluze. Makhadi ambiri ndithu amafika pamenepo polimbana ndi munthu wokweza chisawawa. Osewera akale ankataya kwambiri pa big blind. Mapulogalamu a kompyuta owerengera poker, monga PioSolver, adaonetsa kuti kumeneko kunali kutaya chuma, ndipo lero wa big blind amatsatira ndi makhadi ochuluka kwambiri. Komabe chenjezo lilipo: flop ikatuluka mudzalankhula poyamba, kotero gawo lina la mwayi wanu limatayika.

David Sklansky adafotokoza mfundo ina yomwe imagwira ntchito kwambiri pa mipikisano: kuti mutsatire munthu amene wakweza kale mumafunika makhadi amphamvu kuposa omwe mukadakweza nawo nokha pamalo omwewo. Wokweza ali ndi njira ziwiri zopambanira, anzake kutaya kapena makhadi ake kupambana. Wotsatira ali ndi imodzi yokha. Apa ndi pomwe pamachokera chida chachikulu cha munthu wa ma big blind 15 mpaka 25. Wina akakweza kuchokera pa button ndipo mukudziwa kuti amakweza ndi zilizonse, inu mumakankha zonse pamwamba pake. Iye amakakamizika kutaya makhadi ambiri omwe adakweza nawo, ndipo inu mumatenga ma blinds, ante ndi zomwe adaika, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a mulu wanu, popanda kuona flop.

Kuphwasulidwa kwa matebulo kumasokoneza zonsezi. Mwakhala maola atatu mukuphunzira anzanu, mwadziwa kuti bambo wa kumanzere kwanu amataya akangokwezedwa, ndipo mayi wa kutsogolo kwanu sataya chilichonse. Kenaka woyang'anira akubwera n'kuika khadi la mpando watsopano patsogolo panu. Mukunyamula machips m'kathireyi kupita kwa alendo. Pa tebulo latsopano, chinthu choyamba si kuyang'ana nkhope koma milu: ndani angandithe, ndani ndingamuthe, ndipo wa mulu waukulu wakhala mbali iti. Akakhala kumanzere kwanu, amalankhula pambuyo panu nthawi zambiri, ndipo kulanda kwanu kuyenera kuchepa.

Mulu ukafika pa ma big blind khumi kapena kucheperapo, kukweza pang'ono kulibenso ntchito, chifukwa mukaika gawo lalikulu chotero simungathenso kubwerera. Mumakankha zonse kapena mumataya. Pa chitsanzo chathu chija, wa 20,000 akakankha ndipo onse n'kutaya, watenga 5,000 ndipo mulu wake wakula ndi gawo limodzi mwa anayi. Mukakhala woyamba kulankhula mumasankha makhadi amphamvu okha, koma pa button mutha kukankha ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a makhadi onse kapena kuposerapo. Cholakwika chomwe chimapha ambiri ndi kudikira mpaka atsale ndi ma big blind atatu. Pamenepo palibe amakuopani. Wa big blind amakutsatirani ndi zilizonse, ndipo ngakhale mupambane mumangobwerera pa ma big blind asanu ndi awiri. Kankhani pamene kukankha kwanu kukadali kopweteka kwa wotsatira. Inde, mu 1982 Jack Straus adatsala ndi chip chimodzi cha 500 n'kudzapambana mpikisano wonse ndi mphoto ya $520,000, koma nkhaniyi imakumbukika chifukwa zoterezi sizichitikachitika, ndipo chaka chimenecho opikisana adali 104 okha.

Pano tinene chilungamo pa za mwayi. Ma ace awiri polimbana ndi ma king awiri amapambana pafupifupi maulendo 82 pa 100. Zikumveka zokoma. Koma mukaika moyo wanu wonse wa mu mpikisano pa nkhondo yotere kasanu motsatizana, mwayi woti mupulumuke zonse zisanu ndi 37 pa 100 basi. Ndipo nkhondo zambiri sizikhala zokukomerani chotero. Ma queen awiri polimbana ndi ace ndi king amapambana pang'ono chabe kupitirira theka. Kuti munthu adutse anthu zikwi ayenera kupulumuka nkhondo zotere zingapo, ngakhale akhale katswiri wotani. Mipikisano yambiri imalipira anthu pafupifupi 15 pa 100, ndipo okonza amayamba achotsa gawo lawo: mu 2023 anthu adasonkha zoposa $100 miliyoni koma m'thumba mudalowa $93 miliyoni. Choncho ngakhale wosewera wabwino amabwerera chimanjamanja maulendo ambiri, mwina miyezi ingapo motsatizana. Amene amadya za poker amasunga ndalama zokwanira kulowera mipikisano 100 kapena kuposa ya msinkhu womwe amasewera, ndipo ambiri amagulitsa gawo la mphoto yawo kwa anzawo asanalowe. Iyi ndi juga, ngakhale ili ndi luso mkati mwake. Ndalama ya fizi, ya lendi kapena yakatapila isayandikire tebulo limeneli.

Pa bubble

Bubble ndi nthawi imene kwatsala munthu mmodzi kapena ochepa kuti atuluke, otsala onse ayambe kulandira mphoto. Mu 2023 omaliza kulipidwa adalandira $15,000, ndipo wotuluka patsogolo pawo sadapeze mphoto ya m'thumbamo. Nthawi imeneyi holo yonse imasintha. Oyendetsa amalamula kuti matebulo onse azisewera gawo limodzi nthawi imodzi. Wogawa makhadi akamaliza amaimirira n'kudikira mpaka matebulo ena onse amalize, kuti pasakhale wozengereza dala podikira kuti wina atuluke kwina. Pakakhala all-in, makhadi satsegulidwa mpaka woyang'anira afike, ndipo anthu amadzuka m'mipando n'kuunjikana kuti aone. Pakona pamakhala munthu wa machips ochepa, wawaphimba ndi dzanja, akuwerenga kuti big blind imupeza pakatha magawo angati.

Kuti timvetse chomwe chikuchitika apa tifunika njira yosinthira machips kukhala ndalama. Imatchedwa Independent Chip Model, mwachidule ICM. Masamu ake adachokera kwa David Harville, yemwe mu 1973 adawalembera mijaho ya akavalo, ndipo Mason Malmuth adawabweretsa ku poker m'zaka za m'ma 1980. Ganizo lake ndi lakuti mwayi wanu wokhala woyamba ndi wofanana ndi gawo lanu la machips onse, ndipo mwayi wokhala wachiwiri kapena wachitatu umawerengedwa chimodzimodzi pakati pa otsala.

Tiyese ndi anthu atatu. Mphoto ndi $500, $300 ndi $200. Woyamba ali ndi machips 5,000, wachiwiri 3,000, wachitatu 2,000. Mwini 5,000 ali ndi theka la machips onse, koma ICM ikuti mulu wake ndi wa pafupifupi $384, osati $500. Mwini 3,000 mulu wake ndi wa $328. Mwini 2,000, yemwe ali ndi gawo limodzi chabe mwa asanu, mulu wake ndi wa $289. Onani bwino: wamkuluyo amaposa wamng'onoyo kawiri ndi theka pa machips, koma pa ndalama samuposa ndi $100 yomwe. Chip chilichonse chowonjezera chimakhala chotsika mtengo kuposa chomwe chidabwera patsogolo pake, ndipo chip chokwera mtengo koposa ndi chomaliza, chomwe chimakusungani pa mpando.

Tsopano mwini 5,000 wakankha zonse, ndipo inu ndinu mwini 3,000. Tisiye kaye ma blinds pambali. Mukatsatira n'kupambana mukhala ndi 6,000, anzanu 2,000 aliyense, ndipo mulu wanu ukhala wa $410. Mukaluza mwatuluka ndi $200. Ndiye kuti mukupindula $82 mukapambana koma mukutaya $128 mukaluza. Nkhondo ya theka ndi theka, yomwe pa cash game siluzitsa kanthu, pano ikukutsitsani kuchoka pa $328 kufika pa $305. Kuti kutsatira kukhale kolondola mufunika kupambana pafupifupi maulendo 61 pa 100. Nanga ndalama mwatayazo zapita kuti? Zapita kwa mwini 2,000, yemwe wangokhala phee osachita kanthu. Anthu awiri akamenyana, wopindula ndi woonerera.

Kuchokera apa, kaseweredwe ka pa bubble kamaoneka poyera. Wa mulu waukulu ndiye mfumu. Palibe angamutulutse ndi nkhondo imodzi, pomwe iye angatulutse aliyense, choncho amakweza ndi kukankha mobwerezabwereza. Amene amawasaka si a milu yaing'ono kwambiri, poti amenewo alibe zambiri zotaya ndipo atha kutsatira chifukwa chosowa pogwira. Amasaka a milu yapakati, omwe akuona kuti akangodekha alandira mphoto. Wa mulu wapakati ayenera kuvomereza zowawa: kutaya makhadi abwino ndithu polimbana ndi amene angamuthe, koma iyenso n'kumapanikiza omwe ali pansi pake. Wa mulu waung'ono ayang'ane matebulo ena. Ngati alipo angapo ochepa kuposa iye, kudikira kuli ndi phindu. Ngati ndiye wotsikitsitsa, palibe womudikirira, akankhe.

Pali malire ake komabe. Ambiri amamva za ICM n'kuiyesa chilolezo cha mantha. Pa mpikisano wa anthu zikwi, mphoto yotsikitsitsa imangokhala kamodzi ndi theka kapena kawiri pa ndalama yolowera, pomwe ndalama zenizeni zili pa tebulo lomaliza. Yerekezani $15,000 ndi $900,000 ya munthu wachisanu ndi chinayi mu 2023. Wa mulu wabwino amene wasiya kusewera ola lathunthu kuti atsimikize za mphoto yaing'onoyo amafika mu ndalama ali wofooka, ndipo wagulitsa mwayi wake wa mphoto yaikulu motchipa. ICM imakuletsani kwambiri kutsatira all-in ya wina. Kukweza nokha poyamba siikuletsani mofanana. Ndipo ili ndi zomwe siziona: siiwerengera luso la osewera, kapena kuti big blind ikufika kwa ndani gawo lotsatira. Bubble ikangophulika, a milu yaing'ono omwe amadzigwira aja amayamba kukankha motsatizana, ndipo anthu amatuluka mothamanga. Pamenepo tsatirani ndi makhadi ochulukirapo.

Mtundu wa mphoto umasinthanso masamu. Pa mipikisano yotchedwa satellite, mphoto si ndalama zosiyanasiyana koma mipando yofanana ya mpikisano waukulu. Tinene kuti mipando ndi khumi, mwatsala anthu khumi ndi mmodzi, inu muli ndi mulu wabwino, ndipo anthu awiri atsala ndi big blind imodzi aliyense. Wa mulu woposa wanu wakankha zonse, inu mwayang'ana n'kupeza ma ace awiri. Tayani. Mpando muli nawo kale m'manja, kupambana sikukuwonjezerani kanthu, koma kuluza, komwe kumachitika pafupifupi kamodzi pa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kukulandani zonse. Kumbali ina kuli mipikisano ya bounty, komwe mumalipidwa mukatulutsa munthu. Kumeneko kutsatira all-in ya amene mumamuposa machips kumakoma kuposa masiku onse.

Tebulo lomaliza

Pa tebulo lomaliza munthu aliyense wotuluka amakweza mphoto ya otsala, kotero kuli ngati bubble yobwerezabwereza. Mu 2023 wachitatu adalandira $4 miliyoni, wachiwiri $6.5 miliyoni. Kusiyana kwa mpando umodzi kumeneko ndi chuma cha moyo wonse, ndipo masamu a anthu atatu aja amagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Munthu woyamba wa ku Africa kufika pa tebulo limeneli ku Las Vegas adali Raymond Rahme wa ku South Africa, yemwe mu 2007 adathera pa nambala yachitatu mwa anthu 6,358 n'kulandira zoposa $3 miliyoni, ali ndi zaka zoposa 60.

Anthu akamachepa, ma blinds amakupezani pafupipafupi. Pa tebulo la anthu asanu ndi anayi mumalipira kawiri pa magawo asanu ndi anayi. Pa anthu atatu mumalipira kawiri pa magawo atatu. Makhadi omwe m'mawa mudawataya osaganizira, monga king ndi 8, tsopano ndi okweza nawo. Mipikisano yambiri imalolanso otsala kugwirizana zogawana mphoto, ndipo apa wodziwa ICM sapusitsidwa. Wa mulu waukulu amakonda kunena kuti tigawane molingana ndi machips, koma pa chitsanzo chathu chija, ngakhale aliyense atayamba wapatsidwa $200 yake yotsimikizika n'kugawana zotsalazo motero, mwini 2,000 angalandire $280 m'malo mwa $289, ndipo wamkuluyo $400 m'malo mwa $384.

Pakatsala anthu awiri, ICM imatha ntchito. Onse atsimikiza kale za mphoto yachiwiri, ndipo akulimbirana kusiyana kokha, komwe kupite konse kwa wopambana. Palibenso woonerera woti apindule. Chip chilichonse chimabwerera pa mtengo umodzi, ndipo wamantha amadyedwa msanga chifukwa gawo lililonse amalipira blind.

Mu 2003 Chris Moneymaker, wowerengera ndalama za kampani wa ku Tennessee yemwe adapeza mpando wake kudzera pa satellite ya pa intaneti ya PokerStars, adatsala awiri ndi Sam Farha, katswiri wozolowera masewero a ndalama zambiri, pa mpikisano wa anthu 839. Woyamba amalandira $2.5 miliyoni, wachiwiri $1.3 miliyoni. Pa gawo lina Moneymaker adali ndi king ndi 7, Farha queen ndi 9. Flop idatulutsa 9, 2 ndi 6, ndipo Farha adakhala ndi ma 9 awiri. Pa turn padabwera 8. Farha adaika machips, Moneymaker adakweza podalira makhadi omwe amayembekeza kuti atuluka, Farha adatsatira. Pa river padagwa 3, yemwe sadamuthandize Moneymaker chilichonse. Adalibe ngakhale makhadi awiri ofanana. Adakankha zonse. Kwa Farha, kutsatira n'kuluza kukadatanthauza kutha kwa mpikisano, ndipo pa tebulo padali makhadi atatu a chizindikiro chimodzi ndi ena oyandikana manambala omwe akadatha kumuposa. Adaganiza kwa nthawi yaitali, akumuyang'anitsitsa mnzakeyo yemwe adangokhala duu kuseri kwa magalasi akuda, kenaka adataya. Posakhalitsa Moneymaker adamaliza mpikisanowo ndi 5 ndi 4 polimbana ndi jack ndi 10. Chaka chotsatira olowa adakwera kufika 2,576, ndipo mu 2006 adafika 8,773.